Assign Profile kapena Convert to Profile?

Chithunzi cha pa chinkhoswe chimaoneka bwino pa kompyuta yanu, koma mukangochiika pa webusaiti, chitenje chofiira chija chimazilala ngati chachapidwa kakhumi. Kawirikawiri vuto limakhala loti chithunzicho chili mu muyezo wa mitundu wa Adobe RGB kapena CMYK, pomwe intaneti imayembekezera sRGB, muyezo womwe HP ndi Microsoft adaupanga mu 1996.

Mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi, pansi pa Edit, muli njira ziwiri zosinthira profile ya chithunzi, chizindikiro chomwe chimanena muyezo wa mitundu yake. Assign Profile sisintha manambala a mitundu, imangouza pulogalamu kuti iwawerenge mwanjira ina. Mukaika sRGB mwanjira imeneyi pa chithunzi cha Adobe RGB, mitundu imazilala inu mukuona. Imathandiza pokhapokha chithunzi chikabwera chopanda profile kapena chili ndi profile yolakwika.

Ine mtima wanga uli pa Convert to Profile. Imasintha manambalawo kuti maonekedwe atsale momwe analili, ndipo mwa ziwirizi ndi yokhayo ingatembenuze fayilo ya CMYK, yokonzedwera makina osindikizira, kukhala sRGB. Zobiriwira zowala kwambiri zimatsikako pang'ono, poti sRGB imanyamula mitundu yochepa poyerekeza ndi Adobe RGB. Fayilo yoyambirira musaikhudze, konzani kope lake, ndipo posunga JPEG yatsopanoyo onetsetsani kuti profile ya sRGB yalowamo.