Miyezi 11 ndi boti la thanga pa Senga Bay

Nditangoligula botili mu September chaka chatha, pakamwa panga panali liwiro lake basi. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti kamphepo kakangotsika, mabwato a nkhafi amatsala ngati aima. Mawu amenewo sindikuwabweza. Koma nthawi imeneyo ndinali ndisanalowe nalo mu Mwera wa July, ndipo pa nyanja ino Mwera ndiye amayesa boti.

Botili ndi Hobie 16 yakale, ndinagula kwa munthu amene anali atasiya kuyenda panyanja. Ana a kugombe amangoti "mapasa", chifukwa ndi timabwato tiwiri tafaiba tolumikizidwa ndi zitsulo, pakati pali nsalu yokhalapo. Kutalika ndi mamita 5, kulemera makilogalamu pafupifupi 145, mlongoti wake ndi wa mamita 8. Amene analipanga koyamba, Hobie Alter wa ku California, analikonzera magombe a mchenga, ndiye pansi pake palibe chitsulo kapena thabwa lolowa m'madzi. Ubwino wake ndauona tsiku lililonse. Kuno madzi ndi osaya mtunda wautali, ndipo matchera a asodzi ali ponseponse. Ife timangodutsa pamwamba. Chiwongolero chikakola chingwe kapena chikagunda mchenga chimadzuka chokha, osathyoka. Anthu anayi timalikokera kumtunda popanda vuto.

Miyezi ya mvula tinayenda pang'ono. Mpoto sadalirika, ndipo mtambo ukada cha kumpoto ndi bwino kukhala pansi pa mtengo. Chimene chinawononga zinthu miyezi imeneyo ndi dzuwa. Ulusi wa nsalu yokhalapo unayamba kuduka wokha ukangoukanda ndi chikhadabo. Ndinapita nayo kwa atelala ku Kamuzu Road, anasoka bwino, koma ndi ulusi wa thonje, ndipo sunathe miyezi itatu. Ulendo wachiwiri ndinawapititsira ulusi wa polyester, mpaka lero ulipo. Matanga ndimawatsitsa ndi kuwalowetsa m'nyumba tsiku lililonse, ngakhale nditatopa bwanji.

Nkhani yaikulu ndi mawaya. Mlongoti umaima ndi mawaya atatu okha, awiri m'mbali, mmodzi kutsogolo. Mmodzi akaduka, zonse zimagwera m'madzi. Ine ndinkadzinamiza kuti poti madzi athu alibe mchere, dzimbiri silingafike msanga. Tsiku lina mu July tinanyamuka m'mamawa ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, kulowera ku zilumba za Maleri, kukwera molimbana ndi Mwera. Mafunde a nyanja ino ndi aafupi, amabwera mothithikana, ndiye boti silikwera n'kutsika mofatsa, limachita kumenyetseka. Likamenyetseka, mlongoti umagwedezeka, mawaya n'kumakoka ndi kumasuka. Titadutsa kachilumba ka Namalenje, mnyamatayo anagwira waya wa kumanzere pofuna kusuntha, n'kubweza dzanja msanga.

"Amalume, waya uyu akuluma."

Pachala pake panali magazi. Waya ameneyu amakhala ndi timawaya 19 topotana, ndipo wathuyo anali wokutidwa ndi pulasitiki. Nditakankha pulasitikiyo pansi penipeni, pamene waya amalowa m'chitsulo chomufinya, ndinapeza titatu taduka, tayang'ana kumbali ngati minga, pozungulira pali dzimbiri lofiirira. Madzi ankalowa m'pulasitikimo n'kukhazikika, ndipo chitsulo chosachita dzimbiri chikakhala m'chinyezi mopanda mpweya chimadyeka ndithu. Kunja kunkaoneka koyera bwinobwino. Chakudza sichiimba ng'oma. Tinatembenuka kuti waya wodwalayo akhale mbali imene mphepo sikukoka, tinamasula thanga lalikulu, n'kubwerera pang'onopang'ono osayankhulana. Madala ena amene ankakonza ukonde pagombe anauyang'ana wayayo, anandiyang'ananso ine, n'kunena kuti, "Bambo, Mwera wakukhululukirani lero."

Mawaya oterewa ku Salima kulibe. Ndinatuma m'bale amene amapita ku Johannesburg, ndipo boti linakhala pamtunda masabata atatu, nthawi imene mphepo inali pabwino. Ndinasintha onse atatu pamodzi, osakutidwa ndi pulasitiki, kuti ndiziwaona. Pomasula ndinapezanso kuti shackle imodzi, kachitsulo kolumikizira waya, inali ya mu hadiweya wamba, yoikidwa ndi wina kale, itadyeka mpaka theka. Panopa tisanakankhe boti ndimayendetsa kansalu pa waya aliyense. Kakakola penapake, ulendo watha. Timphete totseka mapini ndimatikulunga ndi tepi, chifukwa chingwe chikamakhula chimatha kukavula kamodzi iwe osadziwa.

Pa kayendedwe, pali zinthu ziwiri zofuna kuzolowera. Choyamba, kutembenuka moyang'ana mphepo pa mafunde n'kovuta. Ukafulumira, boti limaima chilili n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Tinaphunzira kusiya thanga laling'ono lakutsogolo, jib, kuti mphepo ilimenye kumbuyo mpaka mphuno zitadutsa, kenako n'kulimasula. Chachiwiri n'choopsa. Mphuno za botili n'zowonda, ndipo ukamathamanga mphepo ili chakumbuyo, imodzi ikalowa m'funde boti limatha kugubuduzika chamutu. Zinatichitikira kamodzi, chifukwa tinakhala patsogolo kwambiri. Tinali titavala majekete oyandamitsa, ndipo mlongoti ndinali nditaumata mabowo onse, ndiye sunamire. Kuti liutsike pamafunika kulemera kwa anthu awiri. Malamulo a mpikisano wa maboti amenewa amafuna kuti awiriwo afike makilogalamu pafupifupi 130, ndipo ife tili pomwepo. Tinapachika chingwe, tinatsamira mpaka misana kukhudza madzi, linadzuka. Ndekha sindikanatha, n'chifukwa chake sindipita kutali ndekha.

Ena amati thanga ndi masewera a azungu. Ine ndimawakumbutsa za Nkhotakota, kumene zombo za thanga za a Jumbe zinkawoloka nyanja m'zaka za m'ma 1800, zitanyamula minyanga ndi anthu ogwidwa ukapolo. Mbiri yake ndi yowawa, koma amene ankakoka zingwe ndi kuwerenga mphepo anali anthu a m'mbali mwa nyanja yomwe ino. Mpaka lero msodzi akamachokera kutali amakweza nsalu pa bwato kuti mikono ipume. Zambiri zimene ndikudziwa za Mwera, monga kuti umakonda kukula nthawi ya m'mawa n'kumagwa madzulo, ndamva kwa iwowa, kuwonjezera pa machenjezo a nthambi yoona zanyengo.

Mu July maboti a mpikisano wa Lake Malawi Sailing Marathon amadutsa kuno kuchokera ku Mangochi kulowera kumpoto, ndipo ambiri mwa iwo ndi mapasa ngati langali. Mphwanga amangoti tilowe nawo. Ndamuuza kuti tiyambe tayesa tokha kuchoka pano kukafika ku Nkhotakota, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, kudutsa chilumba cha Mbenji ndi pakamwa pa dziwe la Chia. Botili lilibe pogona, lilibe mthunzi, katundu ndi madzi akumwa ndi kachikwama kamodzi komangirira pa nsalu. Mawaya ndikuwakhulupirira tsopano. Chatsala ndi ziwongolero, zomwe zayamba kudzuka zokha pa liwiro chifukwa mchenga wadya timapulasitiki tozitsekera. Tatsopano ndaitanitsa kale, tikubwera ndi m'bale yemwe uja mwezi wamawa.