Kalabu ya zachilengedwe pasukulu: kubzala mbande kapena kulera zitsa?

Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, sukulu zambiri ku Salima zimathamangira mbande. Koma palinso kulera zitsa: kupatulira mphukira n'kusiyapo ziwiri kapena zitatu zamphamvu.

Ndalama: mbande zimafuna machubu, mbewu ndi keni. Zitsa, chikwanje basi.

Kupirira: kambande ka keshya pamchenga wa ku Senga Bay kamafota ndi dzuwa la Okutobala, ana atatopa n'kutunga madzi. Ndiye pali chiswe, osanena za mbuzi! Chitsa cha msangu mizu yake inazama kale.

Phunziro: apa nazale yapambana, mwana amadzionera yekha njere ikumera.

Aphunzitsi amene muli ndi mjigo ndi mpanda, bzalani. Ngati kuseri kwa sukulu kuli tchire, kambiranani ndi amfumu, mulere zitsa.