Shatala ya sefa yachitsulo pamalumikizo a thanki ya madzi: nyenyezi 4 mwa 5

Shatala imeneyi, chotchingira konkire yaiwisi chimene suzula ukathira, ndinaigwiritsa ntchito pomanga thanki yapansi pa nthaka ku Lilongwe. Silabu yake inali yaikulu, yosatheka kuthira tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anamangapo thanki akudziwa kuti madzi amakonda kuthawira pamene konkire ya dzulo yakumana ndi ya lero.

Kale pamalo otero tinkatchinga ndi matabwa. Kuwaboola kuti zitsulo za Y12 (zonenepa 12 mm) zidutse, mawa lake kuwazula, kenako anyamata kusema konkire ndi tchizulo mpaka miyala ioneke. Sefayi yatipumitsa ku zonsezi. Timangoidula ndi grinder, kuimanga ndi waya ku zitsulo, basi. Pothira, phala la simenti limasuzumira pang'ono m'timabowo n'kuuma mokakala, ndiye konkire yachiwiri imapeza pogwira. Apa ndilibe dandaulo.

Koma anzanga, sefa payokha siletsa madzi. Chimene ndinalipirira kwenikweni ndi waterstop yachitsulo, lamba lotchinga madzi pamalumikizo, imene imabwera itaikidwa kale pakati pa sefayo, yokutidwa ndi zomata zogwirana ndi konkire yaiwisi. Theka lake limamira m'konkire yoyamba, theka linalo m'yachiwiri. Waterstop ya pulasitiki ya PVC ndimaidziwa bwino: konkire ikaigwera mwamphamvu imapindika n'kugona, inu osaona, mudzazindikira thanki itayamba kukha. Yachitsuloyi imaima chilili. Chongofunika ndi kulumikiza zidutswa zake mopitirirana bwino, kuzipana ndi ma clip, ndi kumatula pepala lotetezera zomatazo pokhapokha mukufuna kuthira, kuti fumbi lisakhalepo.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa izi. Sefayi imafuna konkire yolimbirako. Ikachuluka madzi, phala limatayikira mbali inayo, ndipo mukalisiya liume pa zitsulo ndi pa waterstop, mwadzipangira nokha njira ya madzi. Vibrator, makina ogwedeza konkire kuti itsendereke, nayo ndi yovuta pamenepa: mukaigunditsa ku sefa, phala limathawa n'kusiya timabowo tonga zisa za njuchi, mukaiopa kwambiri, pansi pa waterstop pamatsala mphako. Pamafunika munthu wodekha, osati aliyense amene wapezeka pafupi. Chinanso, sefa isafike kunkhope ya khoma. Ngakhale ili ya galvanised, yokutidwa kuti isachite dzimbiri, podula pamakhala chitsulo chosakutidwa, ndipo dzimbiri likayambira pamenepo limalowa m'kati. Ife tinasiya mpata wa cover, konkire yokuta zitsulo, mbali zonse poikapo timatabwa tozula. M'mphepete mwake ndi mwakuthwa zedi, magolovesi asasowe.

Mtengo ndi wowawa, poti katunduyu tinachita kuitanitsa ku South Africa, kulipira ndi ma rand, kuwonjezapo thiransipoti ndi msonkho. Pa kathanki ka panyumba kothira kamodzi musavutike nayo.

Injiniya wathu anayesa thankiyo motsatira BS 8007 ya 1987, muyezo wa ku Britain wa zomanga za konkire zosunga madzi. Mumadzaza madzi, kudikira kuti konkire imwe kaye, kenako kuyeza kwa masiku 7. Mutachotsera a nthunzi ndi a mvula, madzi asatsike kupitirira 10 mm kapena gawo limodzi mwa magawo 500 a kuya kwake. Yathu inakhoza, ndipo tinayendera malumikizo onse kunja tisanakwirire dothi, onse anali ouma. Thanki yotsatira ndidzaitanitsanso yomweyi, koma msanga, zitsulo zisanayambe kumangidwa.