Ndinapita kukafuna intaneti, ndinakapeza mayi a pa desiki

Laibulale ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Patha miyezi 8 chitengereni khadi la laibulale ya anthu onse, ndipo ndisabise, poyamba ndinkangopita kukalemba makalata ofunsira ntchito pa kompyuta. Nyenyezi imodziyo ndaichotsa chifukwa cha makompyutawo. Ndi ochepa, munthu amapatsidwa ola limodzi basi, ndipo intaneti ikayamba kukwawa, olalo limatha usanatumize kanthu. Ina mwa izo batani la "a" limakakamira, ndiye tangoganizani kulemba Chichewa popanda "a".

Tsiku lina ndikudikira nthawi yanga, mayi amene amakhala pa desiki anandiona ndikungosolola mabuku n'kumawabwezeranso. "Bambo, mukufuna chiyani kwenikweni?" Ndinawauza kuti mwana wanga wa zaka 7 akangoona buku amayamba kuyasamula. Ine ndimayembekezera kuti andipatsa mndandanda wa mabuku otchuka, koma iwo anandifunsa zomwe mwanayo amakonda kukamba akakhala ndi anzake. Ndinati njoka, ndipo amazikamba mpaka kutopetsa. Anaseka, anadzuka, n'kunditengera pa shelefu ya 597, pomwe pali mabuku a nsomba, achule ndi zokwawa. Anasolola buku la zithunzi zikuluzikulu, mawu ochepa patsamba. "Ayambe ndi ili. Musamukakamize kuwerenga, mungolisiya poti alione."

Ndi mayi omwewo amene anandiphunzitsa tanthauzo la timanambala ta pamsana pa buku, tomwe ndinkangotiona ngati zokongoletsa. Ndi dongosolo lomwe Melvil Dewey anayambitsa mu 1876, logawa mabuku m'magulu 10. Za sayansi zili mu 500, zolemba za alembi monga ndakatulo ndi masewero mu 800, mbiri ndi za maiko mu 900. Nthano zamakolo muzipeza pa 398.2. Ukangozolowera, sufunsanso munthu. Chondiwawa n'chakuti zolemba za alembi za m'ziyankhulo zambiri za mu Africa anazipanikiza pa 896, ndipo shelefu imeneyo ndinaimaliza yonse m'miyezi iwiri.

Loweruka m'mawa amakhala ndi nthawi yowerengera ana nthano. Ana amakhala pansi mozungulira, wowerengayo amasintha mawu, pena ang'ono pena aakulu, ndipo amaima pakati n'kufunsa kuti kenako chichitike n'chiyani. Phokoso limakhalapo ndithu, choncho ngati mukukonzekera mayeso, bwerani masana. Gulu la akuluakulu lokambirana buku mwezi uliwonse ndinapitako kamodzi, koma anthu awiri okha ndi amene anayankhula ola lonse. Sindinabwererekonso.

Dziwaninso kuti mabuku ena, monga mtanthauziramawu, satuluka, mumawerengera pomwepo. Mukaona kuti simumaliza buku tsiku lobweza lisanafike, pitani akakuwonjezereni masiku, amavomera ngati palibe wina akulidikira. Ine ndinazidziwa nditalipira kale chindapusa cha masiku 4.

Buku la njoka lija linabwerera litang'ambika pakona ya tsamba la mamba, titalimata ndi selotepi. Ndinalipereka ndi manyazi. Mayi aja anangoliyang'ana, n'kumufunsa mwanayo ngati wamaliza. Iye sanayankhe n'komwe, anali atathamangira kale ku 597 kukafuna la ng'ona.