Kufufuza malo ku kaundula musanagule: ntchito yofunika, koma siyikwana payokha

Loya akakufufuzirani malo ku ofesi ya kaundula, amabwera ndi chikalata chosonyeza mwini wake, nambala ya puloti, zaka za lizi zomwe zatsala, ngongole ngati malowo ndi chikole kubanki, komanso chiletso ngati wina anachiika. Malipiro ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mlandu wa zaka zambiri. Ntchitoyi timaiyamikira ndi mtima wonse.

Vuto lake, chikalatacho chimangonena zomwe zinali m'buku pa tsikulo. Mukachedwa kulipira, wogulitsa akhoza kupinyolitsa malowo pakatipa, ndiye fufuzaninso kutatsala tsiku limodzi kuti mulipire.

Chomwe kaundula saonetsa ndi anthu okhalamo. Mu 1980, pa mlandu wa Williams and Glyn's Bank ndi Boland, khoti lalikulu la ku Britain linagamula kuti banki singatulutse mayi yemwe anaikapo ndalama pa nyumba ndipo ankakhalamo, ngakhale dzina lake silinali m'kaundula. Choncho pitani nokha, mukagogode, mufunse okhalamo kuti ali pamenepo bwanji. Itananinso saveya akapeze mabikoni (zizindikiro za malire a puloti), poti mpanda nthawi zina umalowa kwa mnansi. Ngati mwini anamwalira, funsani kalata ya khoti yoyendetsera chuma cha masiye. Siginecha ya mwana mmodzi siyokwanira.