Miyezi 9 ndi makina ojambula mapu a diso: sindikhulupiriranso chithunzi chimodzi

Makinawa anafika pa kachipatala kathu ka maso kuno ku Chipata mu Febuluwale, mvula ili mkati. Tinagula ogwirapo kale ntchito, a mtundu wa Placido. Ali ndi mbale ya mizere yozungulira, yoyera ndi yakuda, imene imawalira pa cornea, kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso kaja. Kompyuta imayeza mmene mizereyo yapindikira n'kutulutsa mapu amitundumitundu. Nzeruyi ndi yakale, anaiyamba ndi António Plácido wa ku Portugal mu 1880. Chatsopano ndi kompyuta basi.

Masabata oyamba ndinali ngati mwana amene amugulira njinga. Ndinajambula aliyense pantchito, mpaka alonda athu. Pa maso abwinobwino makinawa sanama ayi. Cornea ya anthu ambiri imakhala cha m'ma 43 D (D ndi diopter, muyeso wa kupindika kwa cornea: ikapindika kwambiri nambala imakwera), ndipo ndikajambula katatu motsatizana manambala ankangosiyana pang'onong'ono.

Amaterereka pomwe timawafuna kwambiri, pa keratoconus, matenda amene cornea imapyapyala n'kutukumuka ngati kachulu. Timawapeza kawirikawiri mwa achinyamata amene maso amawayabwa n'kumangokhalira kufikisa. Pa diso lotere mizere ija imapiringizika, ndiye pamene kompyuta sinaone bwino imangodzazapo moyerekeza. Mapu amatulukabe okongola, pakati pali psuu, ndipo ukakhala pa changu sungadziwe kuti mbali ina ndi yongopeka.

Chinandiphunzitsa ndi ichi. Mu Juni kunabwera mtsikana wa giredi 10 wochokera cha ku Chadiza, ali ndi azakhali ake. Pansonga pa kachulu paja ndinapeza 52 D. Atabweranso mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, makina anati 53.5 D. Madokotala ambiri amati nambalayi ikakwera ndi 1 D pa chaka ndiye kuti matenda akupitirira, ndipo amaganizira za cross-linking, kulimbitsa cornea ndi riboflavin (vitamini B2) ndi kuwala kwa UV. Kwa ife kuno zimenezo ndi ulendo wa ku Lusaka, makilomita oposa 500. Azakhali aja anangogwira pakamwa, kenako n'kufunsa chapansipansi: "Adokotala, ndiye tigulitse ng'ombe?"

Ndinati, "Taimani kaye amayi." Ndinasiya mapu aja n'kutsegula chithunzi chenicheni cha mizere. Inali yodukaduka ngati ulusi wodyedwa ndi chiswe. Mwanayo anali atabwera pa njinga yamoto, fumbi lokhalokha, maso ali gwa kuuma. Paja makinawa sajambula cornea yeniyeniyo, amajambula kuwala kobwerera pa misozi yokuta pamwamba pake. Misozi ikauma, mapu asokonekera. Ndinamudontheza mankhwala onyowetsa maso, anapuma pa benchi mphindi 15, ndipo ndinamujambula kasanu, ndikumuuza kuti aphethire kaye ulendo uliwonse. Zonse zinagwera pakati pa 52.1 ndi 52.7 D. Sindinawauze kuti matenda aima, ndikanakhala ndikunama. Ndinangoti umboni wogulitsira ng'ombe palibe, abwerenso pakatha miyezi 3, ndipo kufikisa maso kuthe lero lomwe.

Kuyambira tsiku limenelo diso lililonse lokayikitsa ndimajambula katatu kapena kupitirira apo, ndipo ndimayamba kuona mizere ndisanaone mitundu. Ovala ma contact lens olimba, timagalasi toika pa diso penipeni, ndimawauza avule masabata osachepera 2, chifukwa amadinda cornea n'kuisintha maonekedwe. Zikope zogwa ndi mthunzi wa mphuno nazonso zimabisa mizere ya m'mphepete, makamaka mwa agogo, ndiye m'mbalimo sindiwerengerako kwenikweni.

Chimene makinawa sangachite n'komwe ndi kuona kuseri kwa cornea kapena kuyeza kuchindikala kwake, komwe ndi pafupifupi theka la milimita. Zimenezo zimafuna makina a Scheimpflug monga Pentacam, omwe mtengo wake ife sitingaufikire panopa.

Kuwonongeka sanawonongekepo. Magetsi akazima amayenda bwinobwino pa inverter. Mdani wake ndi fumbi, moti timawafunditsa chitenje tikaweruka, ndipo Lolemba lililonse ndimawayesa ndi kampira koyezera kamene anabwera nako. Kawiri kokha ndi pamene ndinapeza atasokera pang'ono.

Ndikanati ndigulenso lero, ndikanagula omwewa. Mtsikana uja abwera mu Januwale, ndipo pa khadi lake ndalembapo kuti akafika ayambe wakhala pa benchi.