Tenti yolimiramo chamba m'nyumba: fani yaikulu ndi yabwino, koma taimala ndi mapoto musadalire

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Katundu ameneyu ndinamugula m'shopu ina yogulitsa zipangizo za ulimi wa m'nyumba chakumpoto kwa Joni, ndipo ndakololamo kale nyengo yozizira komanso m'dzinja, choncho zimene ndikulembazi si zongomva. M'katoni mumakhala tenti ya mita imodzi mulitali, mita imodzi mulifupi ndi mamita awiri kupita m'mwamba, getsi la LED la mawati 240, fani yaikulu yokoka mpweya ya paipi ya mamilimita 100, fyuluta ya makala yopha fungo, kafani kopanira pa chitsulo, taimala yoyatsa ndi kuzimitsa getsi pa nthawi yake, neti, mapoto anayi apulasitiki ndi kapepala ka malangizo. Theka la katunduyu ndi wabwino zedi. Winayo anangoikamo kuti katoni ilemere.

Ndiyambe ndathana ndi za malamulo, poti ndikudziwa kuti ena mwatukula kale nsidze. Kuno ku South Africa, pa 18 September 2018 khoti la Constitutional Court, lija lili ku Braamfontein, linagamula kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kugwiritsa ntchito chamba pamalo ake obisika, cha iye mwini. Mu May 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo la Cannabis for Private Purposes Act. Kugulitsa ndi mlandu ndithu, kupatsa mwana ndiye mlandu waukulu. Kwathu ku Malawi lamulo la 2020 linangolola chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo ali ndi laisensi, ndiye wina asanyamule ka m'thumba pokwera basi pa Park Station n'kumayembekeza kuti pa Beitbridge, pa Mwanza kapena pa Dedza akamumvetsa. Ngati mukuchita lendi, lankhulani kaye ndi alandilodi. Ine ndimakhala ndekha m'kanyumba kakuseri ku Rosettenville, mulibe ana, ndipo eni malo akudziwa.

Tentiyo payokha ndilibe nayo mawu ambiri. Nsalu ndi yochindikala, zitsulo zimanyamula getsi ndi fyuluta osapindika, ndipo pansi pali thireyi yochotseka yomwe imasunga madzi akatayika. Chilema chili pa zipi. Lowani m'kati masana, wina akutsekereni, mudikire maso azolowere mdima: muona timadontho ta kuwala tandandalika mmene munadutsa singano. Izi si zosekera. Chamba chimayamba maluwa chikamalandira mdima wa maola 12 osadukiza, ndipo kuwala kolowa mobera pa nthawi imeneyo kukhoza kusokoneza mtengo waukazi n'kutulutsa timaluwa tatimuna, mapeto ake zokolola zonse zimadzadza njere. Ine ndinasokerera chinsalu chakuda kunja kwa zipiyo, vuto linathera pomwepo.

Chimene ndalama zanga zinagwirapo ntchito ndi fani yaikuluyo. Pa katoni analemba kuti imakoka mpweya wokwana makyubiki mita 200 pa ola. Tentiyi ndi ya makyubiki mita awiri, ndiye kuti musinthe mpweya wonse mphindi iliyonse pakufunika 120 pa ola. Zikuoneka ngati mphamvu yatsalako yambiri, koma fyuluta imadyako ina, ndipo paliponse pamene paipi yakhota pamatayikanso ina. Paipi ikhale yaifupi, yowongoka, ndipo itulukire pa windo. Mukaisiya kuti izilavulira m'chipinda momwemo, tenti imangokokanso mpweya wonyowa womwe uja, khoma n'kuyamba kuda m'makona. Fyuluta ipachikeni pamwamba penipeni poti mpweya wotentha umakwera, ndipo tsegulani tiziboo ta pansi kuti wozizira uzilowera kumeneko. Mudziwa kuti zili bwino mukaona makoma a tenti atafwamphira m'kati pang'ono. Zikatero fungo silituluka pena paliponse koma kudzera m'makala. Aneba anga a khomo loyandikana nalo sanadandaulepo, chonsecho mtundu umene ndimalima ndi wa fungo loboola mphuno. Phokoso lilipo, losalekeza, koma ndinaimangirira fani pa malamba a mphira m'malo moigunditsa ku chitsulo ndipo tulo ndimapeza.

Kapepala ka malangizo kaja analembera anthu a dziko lina, ndipo apa ndi pamene wogula ayenera kutsegula maso. Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo chaka chake chili pawiri. Kuyambira May mpaka August kunja kumauma gwa, milomo kung'ambika, usiku chisanu mpaka udzu kuyera. M'tenti kachipangizo koyeza chinyezi kamatsika kufika pansi pa 30 peresenti, ndipo ndi nthawi imene akangaude ofiira, omwe aja amavuta pa matimati, amaswana kunsi kwa masamba. Kuyambira October mpaka March ndi mvula ya ziphaliwali yamadzulo, chinyezi n'kukwera, ndipo mdani amasintha: chuku choyera ngati ufa pa masamba, ndi chuku chotuwa chimene chimaoletsa maluwa kuyambira m'kati. Chotuwachi ndi choipa mtima, chifukwa kunja mutu wa maluwa umaoneka wathanzi, mumangoona katsamba kamodzi kauma mwadzidzidzi, mukakakoka kamazuka kosavuta, m'kati monse muli phala. Pa nthawi ya maluwa chinyezi chizikhala pakati pa 40 ndi 50 peresenti, pokula mtengo chikhoza kufika 60 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kutentha kwa madigiri 22 mpaka 28 getsi likuyaka n'kokwanira. Fani ya m'katoniyi ili ndi liwiro limodzi lokha. Mu July imayamwa kutentha konse ndi kachinyezi komwe kalipo, mu January imangokwanira ndendende. Kabokosi kochepetsera liwiro amagulitsa padera, pamene kanayenera kukhala m'katoni momwemo m'malo mwa mapoto aja. Dziwaninso kuti makala a fyuluta amafooka chinyezi chikapitirira 70 peresenti, ndiye fungo likayamba kumveka sabata ya mvula musathamangire kunena kuti fyuluta yatha.

Kafani kakang'ono ndiye kachabechabe. Kopanira kake sikagwira chitsulo cha tenti, kamatsetsereka pang'onopang'ono usiku mpaka m'mawa mumakapeza kaloza pa nthambi imodzi, masamba atapindika ngati zikhadabo chifukwa chowombedwa ndi mphepo malo amodzi. Sikazungulira n'komwe. Ndinagula tiwiri tozungulira, kena pamwamba pa masamba kena pansi, ndipo onse amawomba ku khoma la tenti kuti mphepo ibwerere yofatsa. Masamba azingogwedera, asamachite kuvina.

Neti ndi yabwino, ndipo kwa ife okonda mitundu yakwathu ndi yosasowa. Chamba cha mtundu wa ku Malawi, chija chinatchukitsa Nkhotakota, ndi chachitali, cha masamba owonda, chochedwa kukhwima, ndipo mukangosintha getsi kuchoka pa maola 18 kupita pa 12 chimathamanga m'masabata atatu oyamba mpaka kutalika kawiri kapena kuposa. Mamita awiri a tenti mukachotsapo poto, getsi ndi fyuluta, malo otsala ndi ochepa. Ndiye ndimadula nsonga mtengo ukafika mfundo zisanu, kuti mutu umodzi ukhale iwiri, kenako nthambi ndimazigoneka pansi pa neti, iliyonse m'bowo lake, kufikira denga lonse la masamba litakhala lofanana. Amene munakulira ku fodya ku Kasungu kapena ku Dowa ntchitoyi mukuidziwa, kungoti kuja timadula nsonga ndi kuchotsa mphukira kuti mphamvu ipite ku tsamba, pamene kuno tikufuna ipite ku maluwa. Getsi la LED sililowa patali m'masamba. Mtengo umodzi ukatsogola, mumakakamizika kukweza getsi, anzake onse n'kutsala mumthunzi.

Pa kudulira masamba ndikutsutsana nako kapepala kaja poyera. Kali ndi chithunzi cha mtengo wometedwa mpala, timitu tokhatokha, n'kumati ndi mmene mumachulukitsira zokolola. Tsamba ndi limene limapangira mtengo chakudya, ndipo ukalichotsa mopyola muyeso mtengo umaima masiku angapo osakula. Chimene ndimachita n'chakuti, kutatsala masiku ochepa kuti ndisinthe getsi, ndimasadza zonse za m'munsi mwa neti, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo: tinthambi towonda, timphukira ta m'khwapa, masamba achikasu ndi onse okhudza dothi. Kumeneko kuwala sikufika, timaluwa take timakhala topepuka, koma chinyezi ndi tizilombo ndiye kwawo. Kutha kwa sabata yachitatu ya maluwa ndimabwereza mopepuka, kuchotsa masamba akuluakulu okhawo amene aphimba mitu kapena agonerana. Pamene masamba awiri agonerana, alekanitseni muone: pakati pake pamakhala ponyowa ngakhale tenti yonse ili youma, ndipo chuku chimayambira pamenepo. Ndikagwada n'kusuzumira pansi pa neti, ndimafuna ndione khoma la tsidya linalo. Sizasi ndimaipukuta ndi spiriti ndisanachoke pa mtengo wina kupita pa unzake, ndipo zodulazo sizigona m'tenti. Mapoto anayi m'mita imodzi ndi ochuluka pa mtundu wautali. Mitengo iwiri yokha imadzadza neti yonse, mphepo n'kumadutsa bwino.

Mapoto awo apulasitiki ali ndi tiziboo tinayi tating'ono pansi, ndipo akakhala pa mbale yake tiziboo timatsekeka. Madzi amadikha, mizu imasowa mpweya, masamba amazyolika ngati ali ndi ludzu, ndipo munthu wosadziwa amathiranso ena. Posakhalitsa timabwera tintchentche takuda tija timauluka pa dothi lonyowa, mphutsi zake n'kumadya mizu yanthete. Ndinasinthira ku matumba a nsalu a malita 20, dothi losakaniza ndi perlite, timiyala toyera topepuka tothandiza kuti madzi azitsika, ndipo ndinawakhazika pa kathandala kuti asamire m'madzi otsika. Kapepala kamati thirirani masiku awiri alionse. Mtengo sudziwa kalendala. Pisani chala mpaka mfundo yachiwiri, ndipo nyamulani thumbalo: mukalinyamula litangothiriridwa kumene, n'kudzalinyamulanso litauma, dzanja limaphunzira lokha kusiyana kwake. Thirirani pang'onopang'ono mozungulira kufikira madzi pang'ono atatsika pansi, kenako tayani otsikawo.

Chimene ogulitsa sakuuzani ndi ichi: pafupifupi madzi onse amene mwathira m'dothi amatuluka kudzera m'masamba n'kukhala mumpweya wa m'tenti. Mukathira malita anayi, fani ija ili ndi ntchito yotulutsa pafupifupi malita anayi omwewo. Masamba akachuluka, otulutsa nthunzi achuluka, ndipo getsi likazima kutentha kumatsika, chinyezi n'kukwera msangamsanga. N'chifukwa chake ndimathirira getsi likangoyaka, osati likamapita kukazima, ndipo fani yaikulu sindiilumikiza ku taimala, imayenda usana ndi usiku. Mu January ndimadulira molimbirako n'kuchepetsa madzi, mu July ndimasiya masamba ambiri. Madzi a pampopi kuno, aja a Rand Water ochokera ku damu la Vaal, ndi oyera bwino, koma kachipangizo kanga koyezera madzi kamaonetsa pH (muyeso wa asidi m'madzi) yopitirira 7, pamene m'dothi chamba chimadya bwino pakati pa 6 ndi 7, ndiye ndimatsitsako ndikasungunula feteleza. Ndimasunga chigubu m'nyumba, china chifukwa mipopi ya kumwera kwa tauni kuno imauma osatsanzika, china chifukwa madzi a m'mawa wa June ndi ozizira moti mizu imachita kakasi.

Taimala ndiyo inandichotsetsa nyenyezi yathunthu. Ndi ija yozungulira ya timano, ndipo imayenda ndi magetsi omwewo. Magetsi akazima maola awiri, nayonso imaima maola awiri, ndipo akabwera imapitiriza pamene inalekera, osadziwa kuti dzuwa lasuntha. Load shedding ya Eskom yachepa poyerekeza ndi 2023, koma akuba mawaya ndi matransifoma opsa sanapite patchuthi. Kuzima kungapo kokha, usiku wa mitengo yanu umakhala utasamukira masana. Kugulitsa taimala yotere mu Joni n'kusaganizira wogula. Ya dijito yokhala ndi batire m'kati siidula kwenikweni, gulani tsiku lomwelo. Magetsi akazima nthawi yaitali m'dzinja, tsegulani zipi ngati ili nthawi yawo ya kuwala, kuti chinyezi chisaunjikane, ndipo tsiku limenelo musathirire.

Getsi limawala mokwanira mita imodziyi ndipo silitentha kwambiri. Konzekerani mayunitsi: mawati 240 kwa maola 18 ndi mayunitsi 4.3 pa tsiku, pafupifupi 130 pa mwezi, ndipo pa maola 12 ndi pafupifupi 86, osawerengera mafani. Ngati mita ya prepaid mumagawana ndi anzanu a pabwalo, kambiranani kusanade, nkhani zoterezi zimadanitsa. Mapulagi onse apachikeni m'mwamba, kutali ndi madzi. Tinyumba takuseri tambiri timadalira waya mmodzi wochokera ku nyumba yaikulu, ndipo mukaphatikizapo hita ndi ketulo pa waya womwewo mukuitana moto.

Za kasamalidwe ka kasitomala, achimwene amene anandithandiza m'shopumo anali aulemu, ndipo kafani kaja nditakabweza anandichotserako mtengo pa tiwiri tatsopano popanda kukangana. Koma nditafunsa za kansalu koyera kovala kunja kwa fyuluta, kamene kamagwira fumbi, anati sagulitsa pakokha, ndigule fyuluta yonse. Ndi fumbi la August kuno, makamaka ife oyandikana ndi milu ya m'migodi, kansaluko kamada msanga ndipo kakatsekeka fani imalira koma osakoka. Ndimakavula, kukachapa ndi madzi ofunda opanda sopo wonunkhira, n'kukabwezera katauma bwinobwino. Kayamba kuthetheka m'mphepete, ndipo ndapempha atelala a pa Main Street kuno kuti andisokere kena.